Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo amene adatulukira kapangidwe ka magetsi

Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Balaka amawoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, pamene boma la Machinga lidachita malire ndi la Balaka. Pomwepo pali zitseko zikuluzikulu za Kamuzu Barrage, zomwe adamanga m'chaka cha 1965. Ntchito ya zitsekozi ndi kusunga madzi ndi kuwatulutsa mwa muyeso, kuti makina opanga magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira asamasowe madzi m'chilimwe. Ena mwa magetsi opangidwa kumeneko amafikira pa Phombeya m'boma la Balaka, pomwe mathiransifoma amawakweza kufika pa mavoti 400,000 n'kuwatumiza ku Nkhoma ku Lilongwe.

Makina a ku Nkula ndi mathiransifoma a pa Phombeya onse amayendera mfundo imodzi. Amene adaitulukira m'chaka cha 1831 ndi Michael Faraday wa ku England, munthu amene sukulu adangoilawa.

Mwina mungadabwe kuti mbiri ya mkuluyu ikudzatani pa tsamba la zaumoyo. Furiji yosungira katemera, makina opereka okosijeni kwa mwana wodwala chibayo, pampu yokoka madzi pa chipatala ndi nyali ya m'chipinda chochiliramo amayi, zonsezi zili ndi dzanja lake. Komanso Faraday adatha zaka zambiri akulimbana ndi mavuto amene ifenso tili nawo lero: utsi, mpweya woipa ndi madzi auve.

Ubwana wa umphawi

Michael Faraday adabadwa pa 22 Sepitembala 1791 ku Newington Butts, dera lomwe pano lili mkati mwa mzinda wa London. Adali wachitatu m'banja la ana anayi. Bambo ake, a James Faraday, adali wosula zitsulo, koma ankadwaladwala moti nthawi zambiri sankatha kugwira ntchito. Mayi ake, a Margaret, ndiwo ankagwira banja. M'chaka cha 1801 chakudya chitakwera mtengo kwambiri, Michael ankapatsidwa buledi mmodzi woti adye sabata yonse.

Kusukulu adangophunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu oyambirira. Ali ndi zaka 13 adayamba ganyu yotumikira pa sitolo ya mabuku ya George Riebau, kumazungulira m'misewu kupereka nyuzipepala kwa makasitomala. Patatha chaka, mu 1805, mwini sitoloyo adamulemba kuti aphunzire ntchito yosoka ndi kumata zikuto za mabuku kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Apa ndi pamene padagona mwayi wake. Mabuku amene anthu ankabweretsa kuti awasokere, mnyamatayu ankayamba wawawerenga. Adawerenga nkhani ya magetsi m'buku lalikulu la Encyclopaedia Britannica, komanso buku la chemistry lomwe adalemba mayi wina, Jane Marcet, m'chinenero chosavuta kumva. Sankakhutira ndi kuwerenga kokha. Timakobidi take ankagulira mabotolo akale ndi tizipangizo kuti adzionere yekha ngati zolembedwazo zidali zoona. Khalidwe limeneli, losavomera chinthu asadachiyese, adakhala nalo mpaka imfa yake.

Bambo ake adamwalira mu 1810. Chaka chomwecho mkulu wake Robert, yemwenso adali wosula zitsulo, adayamba kumulipirira ndalama yolowera ku maphunziro a sayansi a madzulo omwe ankachitikira kunyumba kwa John Tatum.

Wotsuka mabotolo m'labotale

Mu 1812 kasitomala wina wa pa sitolo paja, William Dance, adamupatsa matikiti okamvera katswiri wotchuka wa chemistry, Humphry Davy, ku malo a sayansi otchedwa Royal Institution. Faraday adamvera maphunziro anayi, n'kulemba zonse mwadongosolo, kujambula zipangizo zomwe adaona, kenako kusoka zolembazo kukhala buku la masamba pafupifupi 300. Bukulo adalitumiza kwa Davy pamodzi ndi kalata yopempha ntchito.

Nthawi yomweyo Davy adali atavulala m'maso mankhwala ena atamuphulikira, ndipo ankafuna womulembera. Kenako wantchito wina wa m'labotale adachotsedwa chifukwa cha ndewu. Pa 1 Malichi 1813 Faraday adalowa m'malo mwake. Ntchito yake idali kutsuka mabotolo, kusesa ndi kukonza zipangizo.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho Davy adamutenga pa ulendo wa chaka ndi theka wa ku France, Italy ndi Switzerland. Ulendowu udali wowawa, pakuti mkazi wa Davy ankamuona ngati wantchito wa m'nyumba ndipo ankamudyetsa pamodzi ndi antchito. Faraday adapirira. Pa ulendo womwewo adakumana ndi akatswiri monga André-Marie Ampère ndi Alessandro Volta, amene adapanga batire loyamba. Atabwerera ku London mu 1815 adathandiza Davy kupanga nyali yoteteza anthu a m'migodi ya malasha kuti moto wa nyali usayatse mpweya wophulika.

Waya wozungulira wokha

Mu 1820 katswiri wa ku Denmark, Hans Christian Ørsted, adaona kuti magetsi akamadutsa m'waya, singano ya kampasi yomwe ili pafupi imatembenuka. Zimenezi zidasonyeza kuti magetsi ndi maginito zili pa ubale. Mu Sepitembala 1821 Faraday adaimika maginito pakati pa kapu ya mekyule, n'kulendewetsa waya womwe nsonga yake inkakhudza mekyuleyo. Atalumikiza batire, wayayo adayamba kuzungulira maginitowo osaima. Aka kadali koyamba kuti magetsi ayendetse chinthu mozungulira mosalekeza. Mota ya m'chigayo, ya m'pampu ya madzi, ya m'fani ndi ya m'makina a okosijeni, kholo lake ndi kawaya kameneka.

Chimwemwe chake sichidakhalitse. Anthu ena adamunena kuti waba nzeru za katswiri wina, William Wollaston. Nkhaniyi idawononga ubale wake ndi Davy, moti mu 1824 pamene ankasankhidwa kulowa m'bungwe la akatswiri la Royal Society, Davy adatsutsa. Adasankhidwabe. Chaka chomwe adapanga mota ija adakwatiranso Sarah Barnard wa mpingo wawo waung'ono wa Sandemanian. Banja lawo lidakhala zaka 46, koma silidakhale ndi mwana.

Chiyambi cha furiji

Mu 1823 Faraday adapanikiza mpweya wa klorini m'kachubu ka galasi mpaka udasanduka madzimadzi. Adachitanso chimodzimodzi ndi mipweya ina, kuphatikizapo amoniya. Madzimadzi otere akamabwerera kukhala mpweya amayamwa kutentha kwa zinthu zowazungulira, monga momwe thukuta limaziziritsira khungu likamauma, kapena momwe madzi a mumtsuko wadothi amazizirira.

Furiji imagwira ntchito motero. Mkati mwa timapaipi take muli mankhwala omwe amapanikizidwa kukhala madzimadzi kenako n'kumasulidwa kukhala mpweya, mobwerezabwereza. Mafuriji akale a parafini, omwe alangizi a zaumoyo achikulire amawakumbukira, ankagwiritsa ntchito amoniya yemweyo. Mafuriji a sola a masiku ano ali ndi kamota kopanikiza mpweyawo. Faraday sadapange furiji, koma amene adaipanga adaponda m'mapazi ake.

Katemera wambiri amafuna kusungidwa pa kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8. Akatenthedwa amatha mphamvu, ndipo wina akauma ngati ayezi amawonongekanso. Mwana wobayidwa katemera wowonongeka amapita kwawo ndi bukhu lolembedwa bwinobwino koma alibe chitetezo. N'chifukwa chake mavolontiya onyamula katemera kupita naye kumidzi ya kutali, kaya ndi ku Nayuchi kapena ku Phalula, amauzidwa kuti bokosi lisakhale padzuwa ndipo lisamatsegulidwe mwachisawawa.

Chaka cha 1831

Faraday adali ndi funso lomwe lidamuvutitsa zaka khumi. Ngati magetsi amabala mphamvu ya maginito, kodi maginito sangabale magetsi? Adayesa kangapo osaphula kanthu. Ankaika maginito pafupi ndi waya n'kudikira, koma singano ya chipangizo choyezera magetsi sinkasuntha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa 29 Ogasiti 1831 adatenga mkombero wachitsulo n'kukulunga waya mbali imodzi ndi waya wina mbali inayo, mawaya awiriwo osakhudzana. Atalumikiza waya woyamba ku batire, singano ya ku waya wachiwiri idagwedezeka kamodzi n'kubwerera. Atachotsa batire idagwedezekanso. Batire likangokhala cholumikizidwa, singano inkangoti duu. Apa adazindikira chomwe chinkamuphonya zaka zonsezo: magetsi amabadwa pamene mphamvu ya maginito ikusintha.

Mu Okutobala chaka chomwecho adalowetsa ndi kutulutsa maginito m'waya wokulungidwa, ndipo magetsi adatuluka. Kenako adazunguza mbale ya mkuwa pakati pa maginito aakulu, n'kupeza magetsi otuluka mosalekeza. Mkombero uja ndiye thiransifoma yoyamba, ndipo mbale ija ndiyo jenereta yoyamba. Ku America, Joseph Henry adapezanso mfundo yomweyi payekha, koma Faraday ndiye adayamba kuisindikiza.

Amene adakwerapo njinga yokhala ndi dayinamo adaiona mfundoyi ndi maso. Tayala limazunguza maginito pafupi ndi waya wokulungidwa, nyali n'kuyaka. Mukapalasa pang'onopang'ono nyali imachita mdima, ndipo mukaima imazima. Dayinamo ikagunda tayala, kupalasa kumalemerako. Kulemera kumeneko ndiwo mtengo wa kuwalako, pakuti magetsi sachokera pachabe. Pamafunika china chokankha.

Ku Nkula, komwe makina oyamba adayamba kugwira ntchito mu 1966, chokankhacho ndi madzi a Shire akamatsika. Madzi amazunguza chigudumu cha mapiko, chigudumu chimazunguza maginito, magetsi n'kubadwa m'mawaya. Ubwino wake ndi woti madzi sapsa ngati dizilo, satulutsa utsi, ndipo mvula imawabwezeretsa chaka ndi chaka. Mathiransifoma a pa Phombeya amakweza mavoti chifukwa magetsi okwera chotero sataya mphamvu yambiri m'njira monga kutentha kwa mawaya. Akafika pafupi ndi nyumba zathu, thiransifoma ya pa mtengo imawatsitsa kufika pa mavoti 230.

Faraday mwiniwake adayesapo kupeza magetsi mumtsinje. Mu Januwale 1832 adamiza zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi waya mumtsinje wa Thames kuchokera pa mlatho wa Waterloo, poganiza kuti madzi oyenda akamadula mphamvu ya maginito ya dziko lapansi atulutsa magetsi. Zipangizo zake sizidathe kuwayeza, ndipo adalemba mosabisa kuti sizidatheke. Iye adakali moyo, mu 1859, David Livingstone adakwera mtsinje wa Shire n'kupeza mathithi omwe adatsekereza sitima yake, ndipo adayenda pansi mpaka kukaona nyanja ya Chilwa. Mathithi omwe adagwetsa ulesi Livingstone ndi omwe lero akuyatsa dziko lino.

Dayinamo ija ikutiphunzitsanso chifukwa chake magetsi amazimazima. Madzi akachepa, kapena dothi likadzaza pa malo otungira madzi a makina, kapena namasupuni akatseka njira, chigudumu sichilandira mphamvu yokwanira. Dothi limeneli limachokera m'mapiri ndi m'minda momwe mitengo idatha, ndipo mitsinje yothira mu Shire ndiyo imalinyamula. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la ku Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Thumba la makala lochokera m'nkhalango ya Liwonde ndi mdima wa m'chipatala zili pa chingwe chimodzi.

Nanga sola?

Sola imayendera mfundo ina. Amene adayamba kuona kuti kuwala kwa dzuwa kungabale magetsi ndi mnyamata wa ku France wa zaka 19, Edmond Becquerel, mu 1839. Komabe batire lomwe limasunga magetsi a sola kuti muunikire usiku limatsatira malamulo omwe Faraday adapeza mu 1833 ndi 1834, ofotokoza momwe magetsi amasinthira mankhwala a madzimadzi. Mawu akuti electrode, anode, cathode ndi ion, omwe ana athu amaloweza ku sekondale, adawakhazikitsa ndi iyeyo mothandizana ndi William Whewell.

Nkhani ya sola ndi yaikulu kwa ife chifukwa kalembera wa 2018 adapeza kuti ndi banja limodzi lokha mwa mabanja pafupifupi khumi lomwe linkaunikira magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi adali ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Kanyali ka sola kamachotsa koloboyi m'nyumba, pamodzi ndi utsi wake, ngozi ya moto, ndi ngozi ya ana kumwa parafini wosungidwa m'botolo la zakumwa. Kwa amene ali ndi magetsi, babu la LED la mawati 9 limawala ngati babu lakale la mawati 60. Magetsi opulumutsidwawo amatsala m'mayunitsi anu komanso m'mawaya a dziko.

Matenda, mgodi ndi nsanja za nyali

Mu 1839 thanzi la Faraday lidasokonekera. Ankamva chizungulire, mutu unkamupweteka, ndipo adayamba kuiwalaiwala. Adapuma pa kafukufuku kwa zaka zingapo. Ena mwa amene adafufuza mbiri ya matenda ake amakayikira mekyule, yemwe ankamugwira ndi kupuma nthunzi yake kwa zaka zambiri. Lero tikudziwa kuti mekyule amawononga ubongo ndi mitsempha, chenjezo lomwe likukhudzanso anthu amene amamugwiritsa ntchito posefa golide.

Pa 28 Sepitembala 1844 mgodi wa malasha wa Haswell kumpoto kwa England udaphulika n'kupha abambo ndi anyamata 95. Boma lidatuma Faraday ndi katswiri wa miyala, Charles Lyell, kuti akafufuze. Adalowa okha mumgodimo, ndipo adapeza kuti fumbi la malasha lidakulitsa motowo. Adalangiza kuti migodi izikhala ndi njira zabwino zotulutsira mpweya woipa. Chenjezo la fumbi silidalabadiridwe kwa zaka zambiri, ndipo mu 1913 mgodi wa Senghenydd ku Wales udaphulika n'kupha anthu 439.

Kuyambira 1836 Faraday adalinso mlangizi wa Trinity House, bungwe loyang'anira nsanja za nyali zotsogolera sitima za panyanja. Nyalizo zinkayaka ndi mafuta m'kachipinda kotsekeka ka magalasi. Utsi ndi chinyezi zinkadetsa magalasiwo, kuwala n'kuchepa. Faraday adakonza chumuni chotenga utsi pamwamba penipeni pa lawi n'kuutulutsa kunja. Mu 1858 adayang'aniranso kuyesedwa kwa nyali ya magetsi pa nsanja ya South Foreland, yoyamba kuwala ndi magetsi ochokera ku jenereta.

Mtsinje wonunkha

Mu Julayi 1855 Faraday adakwera boti pa mtsinje wa Thames. Zimbudzi za mzinda wonse zinkathira mumtsinjemo, pomwenso anthu ambiri ankamwa madzi omwewo. Iye adang'amba timapepala toyera n'kumatiponya m'madzi, ndipo tinkazimirira tisadamire ngakhale kutalika kwa chala. Adalembera nyuzipepala ya The Times kuchenjeza akuluakulu kuti akapanda kuchitapo kanthu, nyengo yotentha idzawaphunzitsa mowawa. Chaka cham'mbuyo mwake, mu 1854, dokotala John Snow adali atasonyeza kuti kolera ya m'dera la Broad Street inkachokera pa mpope umodzi wa madzi. Mu 1858 fungo la mtsinjewo lidafika posokoneza zokambirana za aphungu, ndipo m'pamene adavomereza ndalama zomangira ngalande za zonyansa motsogozedwa ndi Joseph Bazalgette.

Kwa ife a Machinga ndi Balaka iyi si mbiri yakutali. Mliri wa kolera womwe udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno udalengezedwa mu Malichi 2022, wodwala woyamba atapezeka pa chipatala cha boma cha Machinga. Kayesedwe ka Faraday kali ndi malire ake, chifukwa madzi oyera mbee angathe kukhala ndi tizilombo ta kolera. Madzi a mumtsinje, a m'nyanja ya Chilwa kapena a pachitsime chosatetezedwa ayenera kuthiridwa klorini pa muyeso womwe alangizi a zaumoyo anena, n'kudikira mphindi 30 musadamwe. Klorini alinso ndi ubwino woti safuna nkhuni monga kuwiritsa.

Phunziro la kandulo

Faraday sadaiwale kuti iye adalowa m'sayansi kudzera pa tikiti yopatsidwa. Ku Royal Institution adayambitsa maphunziro a ana a nyengo ya Khirisimasi, omwe akuchitikabe mpaka lero, ndipo iye mwini adawaphunzitsa maulendo 19. Otchuka kwambiri adali ofotokoza kandulo, omwe adasindikizidwa kukhala buku mu 1861.

Ankaonetsa ana kuti chingwe cha kandulo chimakoka phula losungunuka, phulalo limasanduka nthunzi, ndipo chomwe chimayaka ndi nthunziyo ikakumana ndi mpweya. Moto ukapeza mpweya wokwanira umatulutsa nthunzi ya madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Ukasowa mpweya umatulutsa mwaye. Adawaonetsanso kuti thupi la munthu limachita zofanana ndi kandulo: limatenga okosijeni, limatentha chakudya pang'onopang'ono, n'kutulutsa carbon dioxide. Makolo mungathe kuwaonetsa ana anu zimenezi. Ikani supuni yozizira pa lawi, muona ikuda. Vundikirani kandulo ndi tambula, muona ikuzima.

Phunziroli lili ndi mfundo ziwiri zokhudza khitchini zathu. Yoyamba ndi yoti utsi ndi nkhuni zomwe sizidapse. Moto wofuka kwambiri ukutaya nkhuni zomwe mayi adasenza kuchokera kutali, ndipo mwaye womwe mumauona kudenga la khitchini ndi womwenso ukulowa m'mapapo a mwana ali kumbuyo. Mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka, ndipo umathandizira pafupifupi theka la imfa za chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu.

Yachiwiri ndi yoti makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a okosijeni. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru, kenako amakomoka, ndipo amene ali m'tulo sadzukanso. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba, ngakhale makalawo atafiira osafuka. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda chotere, tsegulani zitseko ndi mawindo, mutulutseni panja, ndipo thamangirani naye kuchipatala kuti akalandire okosijeni.

Ku Balaka bungwe la Concern Universal, lomwe pambuyo pake lidasintha dzina kukhala United Purpose, lidagwira ntchito ndi magulu a m'midzi kuumba ndi kufalitsa Chitetezo mbaula. Mbaula yadothi imeneyi imasonkhanitsa moto pansi pa mphika, imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, ndipo imatchinjiriza ana ku moto. Koma apa tiyenera kuchita monga Faraday, kunena zomwe kuyesa kudaonetsa. Kafukufuku wamkulu yemwe adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Malawi ndi a ku Liverpool, adapatsa mabanja mbaula zamakono zokhala ndi kafani, zofuka pang'ono kuposa za dothi. Zotsatira zomwe zidatuluka kumapeto kwa 2016 zidaonetsa kuti ana opsa ndi moto adachepa, koma chibayo sichidachepe. Ana ankapumabe utsi wochokera kwina, monga wa zinyalala zotenthedwa ndi wa mafuwa omwe mabanja ena sadawasiye.

Choncho mbaula yabwino ndi yofunika pa nkhuni, pa mitengo ndi pa ngozi za moto, koma payokha sikwanira kuteteza mapapo. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mawindo awiri oyang'anizana, kuti utsi upeze potulukira monga chumuni cha Faraday chija. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma, vundikirani mphika, ndipo nyemba zinyikeni usiku kuti zipse msanga. Mwana wakhanda asakhale kumbuyo pamene mukukoleza moto. Musatenthe mapulasitiki pafupi ndi nyumba. Onetsetsani kuti mwana walandira katemera wa chibayo, yemwe adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011. Mavolontiya, werengani kupuma kwa mwana wotsokomola kwa mphindi yathunthu: kupuma ka 50 kapena kuposerapo kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, ndi ka 40 kapena kuposerapo kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, ndi chizindikiro cha chibayo. Nthiti zikamalowa mkati popuma, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Masiku ake omaliza

Faraday sankadziwa masamu apamwamba. Maganizo ake a mizere yosaoneka ya mphamvu yozungulira maginito akatswiri ambiri ankawaderera, mpaka James Clerk Maxwell wa ku Scotland adawaika m'masamu m'zaka za m'ma 1860. Mutu umodzi susenza denga. Pa masamu a Maxwell amenewo ndi pomwe padamera wailesi ndi foni za m'manja.

Ulemu ankauthawa. Adakana kawiri kukhala mtsogoleri wa Royal Society, ndipo adakana udindo wa Sir. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Crimea boma lidamufunsa za kupanga mpweya wa poizoni woti aphere adani, iye adakana kutengapo mbali. Adasiyanso ntchito zambiri zolangiza makampani, zomwe zikadamulemeretsa, kuti apeze nthawi ya kafukufuku. Mumpingo wake adatumikira ngati mkulu wa mpingo, kuyendera odwala ndi osauka.

Mu 1858 adasamukira m'nyumba ya ku Hampton Court yomwe Mfumukazi Victoria adamupatsa. Vuto loiwala lidakula mpaka adasiya kuphunzitsa ndi kufufuza. Adamwalira pa 25 Ogasiti 1867 ali ndi zaka 75. Adali atakana kuikidwa ku Westminster Abbey, komwe amaika mafumu ndi anthu otchuka, choncho adaikidwa ku manda a Highgate pansi pa mwala wosakongoletsa. Dzina lake lidatsala pa muyeso wa zamagetsi wotchedwa farad, ndipo kuyambira 1991 mpaka 2001 nkhope yake idali pa ndalama ya pepala ya mapaundi 20 ya ku England.

Pamene ankamwalira, magetsi adali asadafike m'nyumba za anthu a ku London. Padatenga zaka zoposa khumi kuti ayambe kufika, ndipo padatenga zaka 99 kuti mfundo yake iyambe kuzunguza makina ku Nkula. M'midzi yambiri ya Machinga ndi Balaka mawaya sadafikebe, ngakhale madzi opangira magetsiwo amadutsa pakhomo. Podikira mawayawo pali zomwe zili m'manja mwathu: mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, mawindo a khitchini, klorini wa mumtsuko, ndi kupukuta fumbi pa sola ya furiji ya katemera. Palinso mwana wa m'nyumba mwanu amene amamasula tochi ndi wailesi kuti aone zamkati. Musafulumire kumukalipira. Mupezereni buku ndi mabatire akale a tochi, koma muuzeni asayandikire mawaya a ESCOM.